Chisamba Atungira Mzime Madzi

1 Meyi

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Landirani moni wochokera kwa ine Chisamba wanu. Muli bwanji kumeneko? Bambo, msana ukupezako bwino, kapena mukuimabe tsiku lonse kumbuyo kwa mitu ya anthu ngati kuti wometa ndinu nokha mumzinda wonse? Mayi, mwendo uja unaphwa? Ife kuno tili bwino, ine ndi Mzime wanu. Kalata ino ndalemba pamanja potsata lamulo la bambo loti mawu a pafoni amauluka. Ndiijambula, ndipo mlongo wanga akusindikizirani kuntchito kwake.

Ndamva kuti mwaika kanema watsopano m'shopu, wogwira ndi masewera akunja omwe. Mwachita bwino. Zaka zonsezi ine ndi mng'ono wanga takhala tikupalasa njinga m'matimu osiyana, inu n'kumangomva za ife kwa anthu. Chaka chino mutiona nokha, tonse awiri m'timu imodzi, pampikisano waukulu kuposa yonse imene tinalowapo.

Ndikufotokozereni kuti musamakangane ndi makasitomala. Mpikisanowu ndi wa masabata atatu. Tsiku lililonse lili ndi ulendo wake, ndipo nthawi ya munthu aliyense amaiwonkhetsa. Wopambana ndi amene nthawi yake yonse ili yochepa pamapeto. Ndiye mukaona Mzime tsiku lina akulowa pakati pa chigulu cha anthu, musazimitse kanema, sanaluze. Amene akutsogola pa nthawi amavala jezi yakeyake, ndipo jezi imeneyo ndi imene tadzera kuno.

Mwina mukufunsa kuti kodi mwanayu angathe? Angathe. Sindikunena poti ndi mng'ono wanga ayi. Ndapalasa ndi akatswiri ambiri, ena ndawaonapo akulira m'mbali mwa msewu, koma wokwera phiri ngati uyu sindinamuonepo. Ife tikafika pachitunda timayamba kulapa machimo, iye m'pamene amatsegula zipi ya jezi n'kuyamba kupuma bwino. Woopsa ndi mmodzi yekha, amene anapambana chaka chatha. Timamutcha Magalasi, chifukwa amavala magalasi ophimba nkhope yonse, sudziwa ngati watopa kapena akukuseka. Pamsewu wafulati ndi pamphepo Magalasi ndi chilombo, pamene Mzime ndi wopepuka, mphepo imamukankha. Koma sabata yomaliza ndi ya mapiri okhaokha. Tikakafika naye kumeneko ali pafupi, jezi ndi yathu, ndipo mawu amenewa muwasunge.

Foni ya Mzime amasunga a bwana a timu, amamupatsa Lolemba lopuma basi, kuti asamawerenge zonena anthu. Ine nkhalamba sandilanda. Ntchito yanga pampikisanowu ndi kukhala pafupi naye, zina mudzaona nokha.

Mundilembere za kumeneko. A Kondakitala aja adakabwerabe kudzametetsa tsitsi lomwe alibe?

Ndine mwana wanu woyamba,
Chisamba

11 Meyi

Ana anga, Chisamba ndi Mzime,

Moni nonse. Ife tili bwino, msana ndi wa ukalamba, sufuna mankhwala. Ndikufuna kumva ngati mukudya, chifukwa pakanema mukuoneka ngati mwangotuluka m'chipatala. Mayi anu akupereka moni. Iwo amaonera pokwera pokha. Mukayamba kutsetsereka amatuluka kukachapa matawulo ochapa kale.

M'shopu simukupezeka pokhala. Anthu akudzametetsa kawiri pasabata kuti apeze chifukwa chokhalira pabenchi. Tsiku limene Mzime anavala jezi ya wotsogola, ndinameta munthu mbali imodzi n'kumuiwala pampando, ndipo iye sanadandaule. Ndakondwa, ana anga, zimenezo sindibisa.

Koma ndili ndi mawu, ndipo ndikulankhula ndi iwe Mzime.

Ndaona ndi maso anga. Mkulu wako anatsalira m'mbuyo kupita kugalimoto ya timu, analonga mabotolo m'malaya, kumsana ndi pakhosi pomwe, ngati wogulitsa madzi padepoti. Anavutika kudutsa chigulu chonse chija kudzakupatsa iwe. Iwe unalandira ndi dzanja limodzi, osamuyang'ana n'komwe. Ndinati mwina n'za tsiku limenelo lokha. Mawa lake chimodzimodzi. Mphepo ikamaomba iye ali patsogolo, iwe wabisala kumbuyo kwake. Lachinayi tayala lako litaphulika, iye anatsika n'kukupatsa njinga yake, iwe n'kukwera, ulendo, kumusiya ataima pamsewu ndi njinga yakufa m'manja.

A Kondakitala anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, "A Wometa, kwanu kuja wamng'ono ndiye amatuma wamkulu eti? Tiphunzitseni, nafenso tikayese kunyumba." Shopu yonse inaseka. Ine ndinaseka nawo mwamanyazi, n'kupitiriza kumeta.

Anakuphunzitsa kupalasa ndani? Ankathamanga pambuyo pako atagwira chishalo, kuseri kwa shopu kuja, ndani? Utagwa n'kung'ambika bondo, anakubereka kupita nawe kuchipatala ndani? Ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Jezi imeneyo ivale, ikukukhala, koma m'nyumba mwanga wamng'ono satungiridwa madzi ndi wamkulu. Miyendo uli nayo, ndipo dziko lonse likuti ndi yabwino. Madzi ako uzikatenga wekha.

Iwenso Chisamba, unandiuza kuti ntchito yako ndi kukhala pafupi naye. Za mabotolo sunandiuze. Ndiwe woyamba kubadwa, usamadzichepetse chonchi pamaso pa anthu.

Ndikudikira yankho.

Bambo wanu

13 Meyi

Bambo,

Moni kwa inu ndi mayi. Ndili bwino, miyendo ili bwino. Lero tikupuma, andipatsa foni, ndipo kalata yanu ndaiwerenga kawiri.

Simunalakwe. Zimene mwaonazo zakhala zikundidya kuyambira tsiku loyamba. Anzathu ena a m'timu akandipatsa botolo sindimva kanthu, ndi ntchito. Koma likachokera m'manja mwa achimwene limandilemera. Tsiku la tayala lija ndinapitadi, koma madzulo ake chakudya sichinalowe. Ndinkati mwina ndine ndekha woganiza zopusa. Tsopano ndadziwa kuti nanunso mukuona.

Achimwene awerenga kalatayi n'kuseka, akuti ndisalabadire, akufotokozerani okha mpikisano ukatha. A bwana sindinawauze. Koma ndamva, bambo. Sindikuchititsaninso manyazi m'shopu mwanu.

Mundiuze ngati mwendo wa mayi ukupola.

Mwana wanu,
Mzime

16 Meyi

Achimwene,

Landirani moni, ngati muli ndi mphamvu zoulandirira. Mwadzuka bwanji? Ife kuno tadzuka, koma nkhope zathu musazifunse. Ndikulemba pakauntala ya sitolo ya mankhwala, abwana atuluka, ndiye mukaona kalata yathera panjira mudziwe kuti abwera.

Ndikuuzeni mmene zinaonekera kuno dzulo. Ndinathawa kuntchito msanga, ndinapeza shopu yadzaza mpaka pakhomo, ena akusuzumira pawindo. Msewu wanu unali wathyathyathya, wopanda mtengo ndi umodzi womwe, mbendera za m'mbali zikuchita kufuna kuzuka ndi mphepo. Kenako tinangoona Mzime, jezi ya wotsogola ili pathupi, akutsalira dala m'mbuyo, dzanja lili m'mwamba kuitana galimoto. Bambo anaika chipeso pansi n'kuomba m'manja. "Mwana woleredwa ameneyo," anatero, maso ali pa a Kondakitala. Mwana woleredwayo anatenga mabotolo awiri, lina ndikuganiza linali lanu.

Munthu wolankhula pakanema uja anayamba kukuwa. Anyamata a Magalasi anali ataona, onse anakhamukira kutsogolo ngati amva kuti kukugawidwa zaulere, ndipo chigulu chinaduka pakati. Tinakuonani inu mukucheuka, kufunafuna, kenako n'kutsalira kukamutenga. Munamukoka mpaka kumapeto, kukamwa kuli yasa, koma mpata unkangokula. Ndiye pano jezi ili kwa Magalasi, ndipo akuti Mzime watsalira ndi mphindi pafupifupi ziwiri.

Bambo anafunsa kuti, "Kodi kumwa madzi n'kulakwa? Bwanji sanamudikire?" A Kondakitala, amene pakamwa pawo sipatseka ngakhale pamaliro, anangovala chipewa n'kutuluka. Mpaka pano bambo akuti Magalasi ndi munthu wopanda khalidwe, wobaya mnzake akumwa madzi. Zoti kalata yawo ikukhudzidwa ndi nkhaniyi sizinawafikebe m'mutu.

Musandifunse chifukwa chake ndinaitumiza. Ndinaiwerenga ndisanaijambule, ndinadziwa kuti ndi moto. Koma bambo mumawadziwa, anaima pambali panga mpaka ataona kuti yapita kumafoni onse awiri.

Ndiye ndiuzeni zoona, nthabwala zanu zija muzisunge kaye. Zatha? Mphindi ziwiri n'zambiri kapena n'zochepa? Ine ndikudziwa za podikira basi pasiteji, pamene mphindi ziwiri si kanthu. Mayi sakufunsa, koma dzulo anachapa matawulo onse a m'shopu kawiri.

Nsapato zanga zija musaiwale, mupambane kapena musapambane.

Mlongo wanu

17 Meyi

Bambo,

Moni, ndipo mayi muwapatsire moni wanga. Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino, koma mtima uli ndi mawu. Mundilole ndilankhule ngati munthu wamkulu, poti mwanena nokha kuti ndine wamkulu. Ndinalakwa kuseka kalata yanu ija m'malo moiyankha tsiku lomwelo, ndiye ndikuyankha lero.

Choyamba, sizinathe, ndipo mlongo wanga amve zimenezi. Mphindi ziwiri pamsewu wafulati sungazibweze, koma paphiri la Loweruka lomaliza, Mzime ali bwino, zimasungunuka. Dzulo pakachitunda kena ndinali pambali pa Magalasi, ndinamva mmene akupumira. Nkhope angabise, koma mpweya sunama. Munthuyu wayamba kutopa, pamene Mzime miyendo yake idakali yatsopano. Mpikisanowu tiutenga, ndikunena ndi mtima wonse. Chimodzi chokha chingatilepheretse, ndicho kalata yanu.

Bambo, chimene chimadya munthu panjinga ndi mphepo. Wapatsogolo amaiswa ndi chifuwa, wakumbuyo amasunga mphamvu. Timu yonse tinalembedwa ntchito kuti munthu mmodzi akafike patsinde pa phiri asanawononge kalikonse. Ena amakoka m'mawa, ena masana. Wokoka pomaliza, wotsala ndi mtsogoleri ena onse atatsalira m'mbuyo, sasankha munthu wamba. Matimu atatu ankandilimbirana chifukwa cha ntchito imeneyi. Ndinasankha ino ndekha, ndinati ngati ndikuthera miyendo yanga pa munthu, akhale wa magazi anga. Inu mwaona wogulitsa madzi padepoti, koma anzanga kuno akandiona ndikubwera ndi mabotolo aja amandipatsa njira, chifukwa amadziwa amene akudutsa.

Jezi imeneyo ine sindingaivale. Ndinayesa pa nthawi yanga, ndine wolemera, mapiri aatali amandikana. Sindidandaula nazo. Koma kuifikitsa pakhomo panu ndingathe, kudzera mwa mwanayu. Amati tsabola wakale sawawa, koma Loweruka limenelo Magalasi adzandilawa.

Za dzanja limodzi zija, bambo, pa liwiro limene timathamanga, akalandira ndi manja awiri mudzatilandira tonse m'mabokosi.

Tsopano onani zimene zikuchitika. Ndikamuuza kuti khala kumbuyo kwanga, amabwera pambali panga kudzagawana nane mphepo. Ndikamupatsa botolo akuti alibe ludzu, milomo itauma gwa. Patebulo akufuna kundinyamulira mbale. A bwana amulankhula, ine ndamukalipira, ndamuuza kuti mbewa yamanyazi inafera kuuna. Amangoti "ndamva" n'kuchita zomwezo. Mwana uyu amamvera munthu mmodzi padziko lapansi, ndipo munthuyo ndinu.

Loweruka lomaliza zidzayenda chonchi. Ndidzakoka kuyambira patsinde pa phiri ndi mphamvu zanga zonse, mpaka Magalasi atatsala yekha wopanda anyamata ake. Zanga zikadzatha ndidzapatukira pambali, pafupifupi kuima. Pamenepo Mzime ayenera kupita osacheuka. Akadzangozengereza pang'ono kuti aone ngati mkulu wake ali bwino, Magalasi adzamukakamira kumbuyo, ndipo zidzathera pomwepo. Mmene alili panopa, ndikudziwa kuti adzacheuka.

Lolemba likubwerali alandiranso foni, ndipo ndi komaliza. Mulembereni, bambo. Mumuuze kuti andisiye pamsewu.

Mwana wanu,
Chisamba

21 Meyi

Achimwene,

Moni. Muli bwanji, miyendo ikuti chiyani? Ndikudziwa kuti dzulo nonse awiri munayang'ana foni tsiku lonse. Kalata kulibe, ndipo musanamizire netiweki.

Yanu ija ndinaisindikiza n'kuwapatsa Loweruka m'mawa. Anaiwerenga ataima, anaipinda bwinobwino, n'kuiika m'dirowa ya malezala. Kuyambira pamenepo kanema wa m'shopu ndi wozimitsa, akuti akudya magetsi. Anthu asamukira kwa wowotcherera zitsulo kuseri kuja, amene kanema wake ndi wamng'ono moti timaonera mosinthana. Bambo akumeta ali chete. Wometa wosalankhula amaopsa, achimwene, makasitomala akumangoyang'anitsitsa lumo pagalasi.

Lamlungu ndinawafunsa ngati pali choti ndijambule. Anati, "Ine ndilembe kuti mwana asiye mbale wake pamsewu? Ndi dzanja limeneli?" Ndinati ndi ntchito, bambo. Anati ntchito imatha, ubale sutha. Ndinangotenga tsache n'kuyamba kusesa tsitsi.

Tsiku lomwelo ndinakuonerani kwa wowotcherera. Mzime anabwezako pang'ono pachitunda chomaliza, koma ngakhale ine wosadziwa za njinga ndinaona zimene mukunena. Atatsala pang'ono kumuthawa Magalasi, Mzime anacheuka kukufunani, ndipo munthu uja anamupeza.

Koma musataye mtima. Dzulo poweruka ndinawapeza mayi atatulutsa kalata yanu m'dirowa, akuwerenga pang'onopang'ono ndi chala, magalasi a bambo ali pamphuno. Atamaliza anandifunsa kuti, "Ndiye kuti wamkulu akulamula, wamng'ono akukana?" Ndinati eya. Anangoti, "Ohoo," n'kubwezera kalata pamalo pake. "Ohoo" wa mayi mukumudziwa, ndi yemwe uja anachititsa bambo kusiya fodya.

Mzime ndinangomutumizira moni. Anayankha kuti, "Bambo anenapo kanthu?" Ndinati ayi, ndipo sanalembenso. Mumuyang'anire, adye.

Mlongo wanu

24 Meyi

Mzime,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino. Foni ulibe, ndiye kalata ino akuwerengera mkulu wako, ndipo uimve utaimirira.

Ndachedwa kulemba chifukwa ndimaganiza, komanso mayi ako anandisiya kaye kuti ndipse ndisanadziwe chimene akufuna. Dzulo anandifunsa funso limodzi. Anati, "Bambo ake, m'nyumba muno mwana wokana mawu a mkulu wake timamutcha waulemu?" Ndinatenganso kalata ya Chisamba n'kuiwerenga nditakhala pansi. Ndapeza kuti akukuuza kuti ukhale kumbuyo, iwe ukukana. Akukupatsa madzi, iwe ukukana. Wakukalipira, iwe ukuchita zako. Khalidwe limeneli unaliphunzira kuti?

Mawu anga oyamba sindikubweza. Wamng'ono satuma wamkulu. Chimene ndinaona molakwa n'chakuti wotuma ndani pamsewupo. Wotuma ndi mkulu wako. Iye wakonza ulendo, wasankha njira, wakusungira mphamvu, ndipo mawa akutuma pamwamba pa phiri kukatenga chinthu chimene banja lino likufuna. Uli wamng'ono ndikakutuma kugolosale, sunkaima panjira kuti uone ngati ndidakali pakhomo. Unkathamanga n'kubwera ndi chimene ndakutuma.

Zoti umusiye mbale wako sindilemba, ndipo sindidzalemba. Ndikulemba kuti akakuuza kuti pita, upite. Ukacheuka wanyoza mkulu wako, ndipo wanyoza ine.

Kanema ndayatsa. A Kondakitala ndawatumizira uthenga kuti mawa abwere msanga adzakhale kutsogolo, ndikufuna aone bwino.

Bambo wako

25 Meyi

Chisamba mwana wanga,

Moni. Uli kuti, ndipo uli bwanji? Undiyankhe msanga.

Kuno benchi yathyoka. Ndinakuona ukukoka kuyambira patsinde pa phiri. Anthu ankagwera m'mbuyo mmodzimmodzi, anyamata a Magalasi anatha onse, iwe mutu uli pansi, malovu ali pachibwano, mwana ali phee kumbuyo kwako. A Kondakitala anavula chipewa, akuti, "A Wometa, mwini ulendo ndi uyu." Kenako unapatukira pambali, ndipo ndinaona pakamwa pako pakunena mawu amodzi. Mwana anapita. Sanacheuke. Magalasi anaimirira kuti amutsatire, n'kukhalanso pansi.

Zotsatira ukuzidziwa. Jezi yabwerera, ndipo akuti ulendo wa mawa ndi wongolowa mumzinda, palibe angailande. Anthu anandinyamula pamodzi ndi mpando wometera. Mayi ako lero anaonera mpaka kumapeto, atagwira mkono wa mlongo wako.

Koma kanema anapita ndi mng'ono wako. Pamene ndinakuona komaliza, njinga yako inkayenda mokhotakhota, pafupi ndi phompho, ndipo sanakuonetsenso. Anthu atatuluka kukavina mumsewu ine ndinatsala, kuyang'ana amene akufika. Ndinaona ambiri, ena akugwa atangodutsa mzere womaliza, koma iwe ayi. Kenako pakanema anaika mpira wa miyendo. Mlongo wako wayesa foni yako kangapo, sikuyankhidwa. Anthu akubwera kudzandigwira chanza, ine ndikuwapatsa dzanja koma sindikumva zimene akunena.

Ndine amene ndinamuuza kuti asacheuke. Ndiye undiuze kuti unafika.

Bambo wako

26 Meyi

Bambo,

Moni wa m'mawa kwa inu, mayi ndi mlongo wanga. Mwadzuka bwanji, ndipo makasitomala akhala pati lero? Pepani za foni, inatsala m'basi ya timu, ine ndinagona osavula ndi masokosi omwe.

Ndinafika, bambo.

Kalata yanu ndinamuwerengera m'basi dzulo m'mawa. Anaimiriradi, mpaka kugunditsa mutu kudenga. Anzathu samva chilankhulo chathu, koma onse anatchera khutu, ngakhale a bwana anasiya mapu awo. Nditamaliza anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali atasiya, n'kukhala pansi kumanga nsapato. Ndinadziwa pomwepo kuti Magalasi watha.

Nditapatuka paja miyendo inali itafa. Phompho limene munaona lili patali kuposa mmene kanema amaonetsera, mayi asade nkhawa. Ndinkakwera pang'onopang'ono, anthu amene ndinawasiya m'mbuyo aja akundipitirira mmodzimmodzi, wina wa timu ya Magalasi anandigwira phewa podutsa. Timakhala ndi kawailesi m'khutu komvera a bwana, ndipo m'menemo ndinkamva zonse. Mzime anamusiya Magalasi ndi theka la mphindi, mphindi yathunthu, kenako ziwiri. Pamapeto a bwana anasiya kulankhula mawu, ankangokuwa n'kumamenya chiwongolero cha galimoto. Ine ndinali ndidakali kumunsi, pakhona ina yopanda anthu, ndikuseka ndekha misozi ikutsika.

Ndinalowa nthawi yololedwa isanathe, ndiye lero ndipalasa nawo. Yatsani kanema, mundiona patsogolo, wovala jezi ali kumbuyo kwanga. Mlongo wanga auzidwe kuti nsapato zake ndigula mawa.

Pamene ndinkafika pamwamba, oonerera anali akutsika kale ndi mipando yawo, antchito akupinda nsalu za otsatsa malonda. Nditadutsa mzere ndinayang'ana uku ndi uku. Mzime kunalibe. Anali atapita naye kale kokavekedwa jezi, kwa madokotala, kwa atolankhani, kumene amapita opambana. Ndinatsamira pampanda wachitsulo ndekhandekha. Zaka zonse zimene ndapalasa njinga, bambo, sindinakondwepo ngati mmene ndinakondwera kupeza kuti mng'ono wanga sanandidikire.

Mwana wanu woyamba,
Chisamba